Diresi Lofiira Kuno, Lakuda Kuno

Mabwana a komiti yoyang'anira nyumba yathu ya ana amasiye ankalitchula diresi lathu ndi mawu a Chifalansa, ati mi-parti. Ankawatchula atasongola milomo ngati akulawa shuga. Tanthauzo lake n'lakuti chogawika pakati: mbali ina mtundu wake, mbali inayo mtundu wotsutsana nawo, msoko utatsika kuchokera pakhosi mpaka kumapazi. Lathu linali lofiira mbali imodzi, lakuda mbali inayo. Ati kalekale amene ankavala zotere ndi antchito a mafumu, kuti aonekere pachikondwerero. Ife tinkavala kuti tioneke tikathawa. Wogulitsa matikiti a sitima sankaloledwa kutipatsa tikiti popanda kalata ya komiti. Ndakalamba tsopano, koma ndikaona nsalu yofiira itagundana ndi yakuda, mtima umandiwirabe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene mng'ono wanga Trijntje anadwala chifuwa chachikulu. Anamutumiza ku chipatala cha kunyanja, ulendo wa maola atatu pasitima. Lachisanu lina m'mawa kunabwera kalata yoti ngati pali wachibale afike msanga. Wachibale wake padziko lonse ndinali ine ndekha. Komiti inali yoti ikumana Lachitatu.

Ndinakagwada kwa Mayi Verhoef, otiyang'anira.

"Lamulo ndi lamulo, Neeltje," anatero, maso ali kumbali. "Udikire Lachitatu."

Ndinatuluka n'kukalowa m'chipinda chosokera. Telala wathu, Mayi Aagje, nawonso anakulira m'nyumba momwemo. Anandimvetsera mapini ali kukamwa, kenako anawalavulira m'dzanja.

"Basi, pukuta mamina. Tseka chitsekocho, uvule."

Anatulutsa diresi lawo lotuwa, lopitira kutchalitchi.

"Ukaling'amba ndikusenda khungu, wamva? Ndipo uziyenda ngati mwana wa munthu, osati kuzyolika ngati nkhuku yonyowa."

"Nanga akakugwirani, mayi?"

"Andichotse. Aone ngati mi-parti wawoyo adzisoka yekha."

Kusiteshoni wogulitsa matikiti sanadzutse n'komwe mutu. Ndinene zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi: m'sitimamo ndinasangalala. Panalibe wondiloza chala, panalibe wokokera chikwama chake kufupi. Mayi wina anandigawira buledi ndi tchizi, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinanama kuti bambo anga ndi akalipentala. Mng'ono wanga akufa, ine ndikumva kukoma kukhala munthu wamba.

Kuchipatala namwino anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu ndani wake?"

"Mkulu wake."

"Inuyo? Mwanayu maso sachotsa pawindo. Anatiuza kuti mkulu wake tidzamuonera patali."

Bedi lake analikankhira pafupi ndi windo loyang'ana msewu wodutsa m'milu ya mchenga. Anali atatha thupi, mafupa okhaokha, masaya akuyaka ndi kutentha. Ndinaima patsogolo pake.

"Trijn, ndine. Ndabwera."

Anayang'ana diresi, anayang'ana nkhope, n'kubwereranso padiresi.

"Pepani mayi, mwanditchinga," ananong'ona. "Ndikudikira achemwali anga."

Ndinamuitana ndi dzina lomwe amayi athu ankamuitana nalo. Ndinamukumbutsa za tsiku lomwe tinaba mapeyala m'munda wa abusa. Ndinamugwiritsa chipsera cha padzanja langa. Ayi ndithu, kutentha kunali kutamudya nzeru, atangotsala ndi chinthu chimodzi chodziwira mkulu wake.

"Akamabwera simungawasowe," anatero, akudutsitsa chala pachifuwa chake. "Kuno kofiira, kuno kwakuda."

Ndinathamangira kwa namwino uja, kumupempha diresi la Trijntje lomwe anabwera nalo. Anati analiwotcha tsiku lomwe anafika, monga amachitira ndi zovala za odwala chifuwa. Ndinapempha kansalu kalikonse kofiira, ngakhale kasanza. Anafunafuna m'makabati. Nyumba yonseyo inali ya zoyera zokhazokha. Chovala chomwe ndinachitemberera moyo wanga wonse ndinachilira tsiku limenelo, chili pamsomali maola atatu kumbuyo kwanga.

Ndinabwerera n'kukhala kumutu kwa bedi, kumene sindikanamutchinga, n'kumugwira dzanja. Sanakane. Tinayang'ana msewu tonse awiri. Panadutsa ngolo ya mkaka, panadutsa msodzi ndi galu wake.

"Abwera kodi?" anafunsa.

"Ali m'njira, mwana iwe."

Mpweya unkalira m'chifuwa mwake.

"Sanawapatse kalata," anatero. "Komiti imakumana Lachitatu. Si vuto lawo. Mayi, inu mukuoneka munthu wabwino. Mukawaona mukawauze kuti sindinakwiye."

Ndinamulonjeza kuti ndikawauza. Anatsirizika dzuwa likadali pamwamba, maso ali kumsewu.