TV Yosadwala

Amuna anga akanena kuti "ndaganiza", ine mutu umayamba kuwawa. Sabata imeneyo anali ataganiza.

TV yathu ya zaka khumi ndi ziwiri inayamba kuonetsa anthu obiriwira, kenako n'kuzimiratu. Tsono Loweruka, 3 koloko masana, mwana wathu wamkazi amayenera kudzaoneka pa TV pa mpikisano wa mafunso wa masukulu. Kamodzi kokha, osabwereza. Ine ndinali nditalengeza kale kwa aneba onse.

"Tingokonzetsa," ndinatero.

"Mayi, zokonzetsa n'za anthu osaganiza. Tigula yolimba, ndipo njira yoidziwira ndaipeza."

Tinanyamula TV yakufayo kupita kwa bambo okonza, amene anthu amangowatchula kuti Adokotala. Kashopu kawo n'kodzaza ma TV mpaka kudenga, ena opanda msana, ena ogona chafufumimba. Amuna anga anatulutsa kope n'kuyamba kulemba mtundu wa TV iliyonse. Anakwawira mpaka pansi pa tebulo, munthu wamkulu ndi mimba yake!

"Mwataya chiyani, achimwene?" anafunsa Adokotala.

"Ndi kafukufuku. Iyi tabwera nayoyi itengeni, muchotsemo zipangizo."

Titatuluka anandinong'oneza: "Kuja n'kuchipatala. Mtundu umene mulibe muja ndiye wosadwala." Tinapita ku sitolo ndi kope lija. Mtundu umodzi wokha ndi umene sunali pa mndandanda, wa chizindikiro cha nkhunda. Tinagula womwewo.

Ndisaname, inali yokongola, yopyapyala ngati thireyi. Loweruka aneba anadzaza pabalaza, ena atabwera ndi mipando yawo. 2 koloko itangokwana, inalira "thi!", kafungo ka pulasitiki wopsa, mdima bii.

Tinaikweza pa njinga, amuna anga akukankha, ine ndikuwakalipira njira yonse. Adokotala atangoona nkhunda ija anaimirira pakhomo.

"Iyo musalowe nayo muno! Zimenezo anazimata ndi guluu, sizitseguka, zipangizo zake kulibe. Zikafa eni ake amangotaya. Ine ndinasiya kalekale kuzilandira."

Ine ndinalira, kulira kwenikweni, pamaso pa anthu odutsa. Mwana wanga anali atawerenga miyezi itatu, ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzamuona.

Ndiye ndinamva mawu ake, akutchula dzina la sukulu yake. Amachokera m'shopumo. Ndinawakankha Adokotala n'kulowa. Pa shelefu panali TV ikuwala bwinobwino, pakona pake pali kasitika ka gulugufe kamene mwanayo anamata ali ndi zaka zisanu. Yathu ija!

"Kanali kawaya kamodzi kokha," anatero Adokotala. "Za mtundu uwu zimachuluka muno chifukwa zimachira. Ndiye poti munandipatsa, ndikumaonerapo mpira."

Tinaonera pomwepo, ine chiimire pakati pa mawaya, amuna anga atakhala pakhomo atakumbatira nkhunda yawo. Mwana anayankha funso loyamba, kukhoza. Lachiwiri, kukhozanso.

"Nzeru za bambo ake zimenezo!" anakuwa amuna anga.

Adokotala anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Ine mawu ndinali nawo, ambiri ndithu, koma ndinawasungira kunyumba. Funso lachitatu linali likubwera, ndipo ndinali ndikupukuta fumbi pa galasi ndi mkono wa malaya kuti ndimuone bwino mwana wanga.