Fomu ya Mayi Felizarda

A Langton anawabera mwayi Mayi Felizarda mu Febuluwale zaka ziwiri zapitazo, pasukulu ina ya pulayimale ku Nthache, ndipo anabera pa chidindo cha ahedi, a Yakobe.

Ahediwo anali ndi chizolowezi chawo. Lachisanu lililonse ana akaweruka, ankakhazika aphunzitsi onse m'kalasi, mmodzi n'kumaphunzitsa, enawo atakhala ngati ana, kenako n'kuuzana polakwika. Mayi Felizarda a Sitandade 1 ndiwo ankaposa onse. Anali ndi ana oposa zana, ena olankhula Chinyungwe chokhachokha, koma pofika teremu yachitatu ambiri ankawerenga. Choncho itabwera fomu yoti sukulu isankhe mphunzitsi mmodzi wokachita maphunziro a utsogoleri ku Blantyre, ahedi sanavutike n'kuganiza.

Fomuyo inafika tsiku lomwe bambo a Mayi Felizarda anamwalira kutsidya kwa malire. Hedi sasiya mphunzitsi wake yekha pamaliro. A Yakobe anasaina, anadinda, malo a dzina ndi nambala ya ntchito ali opanda kanthu, n'kupereka kwa achiwiri awo, a Langton.

"A Langton, nambala ya mayiwa ili m'fayilo. Mulembe, mukasiye ku Boma mawa."

"Musadandaule, bwana. Inu pitani mukalire."

Munthu akamati usadandaule, m'pamene uyenera kudandaula.

Patapita mwezi kalata yoyankha fomu ija inabwera. A Yakobe anaiwerenga katatu. Mkwiyo unachedwa, chinayamba kuwagwira ndi chidwi. Langton ameneyu anagwira naye ntchito zaka zisanu ndi zinayi, anamuphunzitsa okha kulemba sikimu ya maphunziro. Anafuna angomva kuti zimenezi munthu amazichita bwanji. Anamuitanitsa.

"Achimwene, tandithandizeni, maso angawa akalamba. Dzina ili likuti Felizarda?"

"Likuti Langton, bwana."

"Ehe. Nanga polembapo, dzanja silinanjenjemere? Ndikungofunsa."

A Langton anaseka pang'ono. "Bwana, ndinaona kuti namfedwa sangayende ulendo. Ndinati mwayiwu ungapite kusukulu ina. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Maphunzirowo ndi a mu Epulo. Maliro ake a miyezi iwiri ndi ati?"

"Poti zapita kale, bwana."

M'mawa mwake a Yakobe anapalasa njinga mpaka ku Boma. Kalaliki wa mu ofesimo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, anatulutsa fomu ija n'kuiyala patebulo.

"Sainiyi ndi yanu, madala?"

"Ndi yanga."

"Chidindochi?"

"N'changa."

"Ndiye tilembe kuti ahedi amadinda mapepala opanda kanthu? Ine kulemba ndilemba, koma zikafika kwa akuluakulu oyamba kufunsidwa ndinu."

Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti a Yakobe apume pantchito. Anayang'ana fomuyo nthawi yaitali. Zilembo za a Langton zinali zowongoka bwino, popanda pofufuta. Anathokoza mtsikanayo, n'kutuluka.

Atabwerera kusukulu, a Yakobe anapeza Mayi Felizarda atakhala pakhonde la kalasi, akudula makatoni n'kumalembapo zilembo za ana. Ahedi anafotokoza zonse ataimirira. Mayiwo sanasiye kudula.

"Ndiye mbuzi munasungitsa fisi, ahedi."

"Ndinalakwa, mayi. Koma chaka chamawa fomu ikabwera, dzina lanu ndidzalemba ndekha ndi dzanja langali."

"Fomu ija munaiwerenga mpaka kumunsi?"

"Kumunsi kuli chiyani?"

"Imati munthu asakhale atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu. Ine ndikukwanitsa mu Juni." Anapukuta sizasi pachitenje. "Tandipatsireni katoni iyo ili kumapazi kwanuko."

A Yakobe anawerama n'kuwapatsa.

A Langton anakwera minibasi ya ku Blantyre Lolemba loyamba la Epulo, atavala tayi yatsopano. Pano ndi hedi pasukulu ina ku Kanduku. A Yakobe anapuma pantchito, amaweta mbuzi kumudzi kwawo. Mayi Felizarda akadali ku Sitandade 1.