Phulusa m'Mabotolo a Towela

Bungwe la aphunzitsi a sayansi ku Chongwe linali ndi bokosi limodzi la zipangizo: matubu agalasi, sikelo ndi maikulosikopu. Bokosilo linkabwerekedwa temu ndi temu. Wolifuna ankayamba waphunzitsa anzake phunziro limodzi, iwo atakhala pamadesiki ngati ana. Likalakwika, bokosi linkapita kwina.

Towela, mphunzitsi watsopano wa ku Nkomeshya, ankalifuna. Ana ake anali pafupi kulemba mayeso, koma tubu anali asanaligwirepo.

Anabwera kumsonkhano wa bungwelo ndi mabotolo ake atatu ndi madzi ofiirira ophikira maluwa a mumpanda. M'botolo loyamba anathiramo viniga, madzi aja n'kufiira kwambiri. M'lachiwiri anathiramo soda, n'kubiriwira.

"Lachitatu ni madzi chabe," anatero. "Apa mtundu susintha."

Anathira. Madzi anabiriwira.

"Ba Madam, nifunseko," anatero a Sanford a ku Silverest, amene nawonso ankafuna bokosilo. Anaimika mkono ngati mwana. "Kusasintha kwa kwanu ndiye kumeneku?"

Anthu anaseka. Towela anakhuthula, n'kuthiranso. Anabiriwiranso.

A Mainess, apampando, ananyamula botololo n'kupisamo chala. Chinatuluka chotuwa.

"Munatsukira chani?"

"Phulusa, ba Chair. Kuti awale."

"Ni mapoto aya?"

Towela anayang'ana chalacho. "Phulusa ni limodzi na soda," anatero motsitsa mawu. "Ninaphunzitsa ine mwini temu yatha."

"Ndiye mudziwa. Koma lamulo silisintha. Bokosi lipita ku Silverest."

A Sanford anaphunzitsa phunziro lawo bwinobwino, popanda woseka. Msonkhano utatha analowetsa bokosi m'galimoto lawo. Towela anali pampopi, akutsukuluza mabotolo.

"Ba phulusa," a Sanford anamuitana. "Ana anu alemba liti?"

"Pamodzi na anu."

A Sanford anatsegula bokosi. Maikulosikopu sanaikhudze. Anatapa matubu ena n'kumupatsa.

"Ba Chair akafunsa, nikamba kuti muli nawo ndimwe. Lina likasweka, mukayankhe mweka."

A Mainess anali pakhonde ndipo anaona zonse. Anangokhoma chitseko.

Towela anakulunga matubuwo m'chitenje, lililonse palokha, n'kupita kukadikira minibasi. Kondakitala atafuna kuika mtolowo pansi pa mpando, anakana. Anaufumbata pamiyendo mpaka kukafika.