Mfundo za pa Maluwa a Malemu

"Alamu, khasu ndabwera nalo. Kapena tidikire maluwawo atipatse chilolezo?"

Mayi wamasiyeyo sanaseke nthabwala ya mng'ono wa mwamuna wake. Anaima pakhonde akuyang'ana maluwa amene malemuwo anadzala m'mbali mwa mpanda, aatali kufika pachifuwa, a ngayaye zoyera, zofewa ngati nthenga za mwanapiye. Mphepo ikawomba, tiubweya take tinkalowa m'nyumba, ndipo mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene ankamutcha Kanjiwa, ankabanika ndi mphumu. Namwino ananena mosapsatira kuti maluwawo azulidwe, apo ayi tsiku lina mwanayo sadzafika kuchipatala akupuma.

"Tayambani mwaona," anatero mayiyo motsitsa mawu.

Ngayaye zonse zinali zomangidwa zitatuzitatu ndi tinsalu tong'amba. Umu ndi momwe malemu ankachitira m'mawa uliwonse kuti mphepo isazithyole. Mfundo yawo inali yodziwika: yopinda kawiri, kamchira kakuloza kumanzere, poti anali amanzere. Koma panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chiwaikireni m'manda.

"Dzulo ndinamasula zonse ndi manja angawa. Lero ndi izi. Aka n'kachitatu."

Mlamuyo anawerama, nakhudza kansalu kamodzi. Nthabwala zinamuthera. "Nsaluyi si ya malaya a achimwene, obiriwira aja?"

Mayiyo analowa kuchipinda, nakoka sutikesi kunsi kwa bedi. Malaya aja analimo, koma opanda mkono umodzi. Kumbuyo kwake anamva kalikhweru ka m'chifuwa. Kanjiwa anali pakhomo, mapazi atanyowa ndi mame, tiubweya toyera tili mbuu m'tsitsi.

"Iwe, ukumapita kumaluwa?"

"Inu mukamasamba."

"Mfundo ija anakuphunzitsa ndani?"

"Ababa."

Mtima wa mayiyo unakhalako pansi. "Kalekale, eti? Asanadwale?"

Mwanayo anapukusa mutu. "Lero. Dzulo ndinalakwitsa, ndiye lero anandigwira dzanja. Akuti ndizikhalitsako, ndimafulumira kuchoka."

Apo m'pamene mayiyo anaona sizasi yodulira nsalu m'dzanja la Kanjiwa. Mwanayo, amene chibadwire ankadya ndi kulemba ndi dzanja lamanja, anali ataigwira ndi dzanja lamanzere.

Anamunyamula n'kutuluka naye. Kunja kunali zii, ngakhale tsamba la pamtengo silinkagwedera, koma ngayaye zija zinali zitaweramira kukhomo la nyumba.

"Mutengeni, akaswere kwanu. Khasulo ndipatseni," mayiyo anauza mlamu wake.

"Ndizule ndine, alamu. Mizu yake ndi yolimba."

"Ayi. Anadzala ndi mwamuna wanga."

Mayiyo anadikira mpaka chitseko cha mpanda chitatsekeka. Kenako anayandikira phata loyamba. Ngayaye imodzi inamukhudza patsaya, mofewa, pamene malemu ankakonda kumugwira.

"Bambo a Kanjiwa," ananong'ona, "malaya tengani onse. Mwanayu akhala ndi ine."

Anakweza khasu.