Funso Lomwe Mabwana Onse Analizemba

Tusekile anafika ku Area 10 kutada kale. Misewu yopanda zikwangwani, mipanda yofanana yokhayokha. Wa takisi anasochera mpaka anachita kufunsa alonda.

Ntchito ya Tusekile inali yozungulira m'makampani, kucheza ndi mabwana, n'kufufuza chomwe chingagwetse bizinesi. Ulendo uno anali pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira ku Area 1. Mabwana onse anali atacheza nawo. Za moto anayankha. Za akuba anayankha mpaka kuonjeza. Koma akafunsa kuti mwini wake, a Chipulikano, atapanda kudzuka mawa angayendetse kampani ndani, aliyense ankayang'ana kudenga.

Clifton, mwana wawo woyamba, anachita kutseka chitseko.

"Achemwali, zimenezo musakafunse. Munthu ali moyo sitimukambira za maliro. Aziti ndakutumani ndine."

Komatu chiopsezo chachikulu chinali chomwecho. Kusaina, madala. Kuitanitsa katundu, madala. Iwo atagwa, antchito onse akanagwera limodzi. Tusekile sanafune kubwerera ku Blantyre ndi lipoti lonama.

Tusekile anawapeza a Chipulikano pakhonde la nyumba yawo ku Area 10 kuja, ndodo ili pambali, mapazi otupa ali m'beseni la madzi ofunda.

"Ndinu mwasowetsa ana anga mtendere?"

"Ndine ndemwe, bambo. Ndatsala ndi funso limodzi."

"Funsani."

"Tsiku lomwe inu simudzakhalapo, adzatsogolere ndani?"

Mayi wantchito amene ankabweretsa tiyi anabwerera pakhomo ndi thireyi yake.

"Mwana iwe, ndiwe wa kwa yani? Wabwera kudzandiyeza bokosi?"

"Ayi, bambo. Mukhale zaka zambiri. Koma funso likadalipo."

"Ndikhoza kuwaimbira mabwana ako pompano."

"Nambala ndikupatsani. Akatumiza wina, adzafunsanso chomwechi."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka, kuseka kouma kothera m'chifuwa.

"Madokotala amandizungulira. Abusa amandizungulira. Iwe wangolowa ndi nsapato." Anatulutsa phazi limodzi m'madzi. "Clifton ndi wapakamwa, saopa munthu, koma saopanso ngozi. Lisa, mlongo wakeyo, ndiye ali ndi mutu."

"Ndikanene mu lipoti kuti Lisa?"

"Nena. Koma anawo asamve."

"Ndiye kuti palibe chomwe mwasankha. Chinsinsi chikapita nanu, adzatsala akukangana pabwalo. Auzeni nokha, onse ali pamodzi. Apo ayi, ine ndikanena kuti wolowa m'malo palibe."

"Ukundilamula m'nyumba mwanga?"

"Ndikukuuzani zomwe ndikanene."

Mkuluyo anangoitana mlonda kuti amuperekeze kugeti.

Kunja kusanayere bwino, Tusekile anali kale m'basi kudepoti. Foni inalira. Clifton.

"Achemwali, mwawatani madala? Atiitanitsa tonse kunyumba m'mawa uno. Ati Lisa asachedwe."

"Pitani mukamve."

"Ndi nkhani yabwino?"

"Kwa kampani, inde."

Kondakitala anamenya chitseko. Basi inatuluka.