Masekondi Makumi Atatu a Bambo

Bambo anga, a Gilford, anaimba moyo wawo wonse, koma mawu amene anatisiyira ndi a masekondi makumi atatu okha. Mlongo wanga Tiwale ndiye anawajambula mobisa pa foni, Lamulungu lina m'mawa akupolisha nsapato pakhonde kwathu ku Area 23. Lachitatu lake anagwa kuntchito, osadzukanso.

Chaka chinali chitatha tsopano. Loweruka tinkapita kumudzi ku Nathenje kukavundukula chiliza, ndipo Tiwale anali atalengeza kale kwa abale onse kuti tsikulo bambo adzaimba pa sipika. Kundifunsa ine ayi. Ndi mmene alili mlongo wangayu, amalonjeza ndi pakamwa pake koma wotuluka thukuta amakhala wina.

"Si iwe umajambula makwaya a eni ake tsiku ndi tsiku?" anatero. "Ndiye ya bambo ako ikukanike? Uitalikitse ikhale nyimbo yeniyeni. Koma amayi uwachotsemo, Mwayiwathu. Ndakuuza."

Nkhani yake inali pamenepo. Kanyimboko bambo anapeka okha, mzere umodzi basi: "Ndikadzafika kwanu, Mbuye, mudzanditchule dzina." Amauimba pang'onopang'ono, bulashi ikukwecha pansapato. Akungomaliza, mumamveka mawu a amayi kuchokera kuchipinda, okweza komanso aukali: "Inu a bambo a Tiwale! Tatsekani pakamwa panupo, anthu tipumeko! Mwatitopetsa!"

Ine ndikafika pamenepo ndinkaimitsa. Masekondi otsalawo ndinali ndisanawamverepo n'kamodzi komwe, mtima sunkandilola.

Amayi sankadziwa kuti kukalipa kwawo kunajambulidwa, koma Lamulungu limenelo ankalikumbukira. Chaka chonse, nkhani ya bambo ikangoyambika, ankati, "Ndinawakalipira munthu uja, ndipo sindinapepese." Akatero chakudya ankachisiya, BP n'kukwera. Kumudziko kunalinso azakhali anga awiri amene pamaliro pomwe ananong'ona kuti mchimwene wawo anafa ndi mkazi wolongolola. Ndiye taganizani mawu amenewo akutuluka pa sipika, pamaso pa anthu onsewo. Ndinkachita mantha kwambiri.

Lachinayi masana ndinadzitsekera m'kachipinda kakuseri komwe ndimajambulira. Ndinalowetsa mawuwo m'kompyuta, n'kuoneka pa sikirini ngati mano a sowo. Ntchito yake ndi yosavuta ukamachitira anthu ena: umadula kachidutswa kabwino, n'kukakoka kuti kazibwerezabwereza kokha. Timati kulupa. Ndapangira makwaya ambiri zimenezi mpaka iwo kukhulupirira kuti anaimba bwino kolasi kanayi konse.

Koma apa zinavuta. Amayi anayamba kukuwa bambo asanatsirize liwu lomaliza. Ndikadula msanga, bambo ankathera pa "dzi". Ndikadula mochedwa pang'ono, mutu wa "Inu" unkalowamo, ndipo poti chidutswacho chimabwereza, amayi ankayamba kukalipa kasanu ndi katatu m'nyimbo imodzi. Ndinakulitsa chithunzicho mpaka sekondi imodzi kudzaza sikirini yonse, ndikumasuntha malire ndi mausi pang'onopang'ono.

Ndiyeno bambo nawonso, Mulungu awausitse mumtendere, sankadziwa zotsatira biti. Ankathamanga apa, kuchedwa apo, mmene mtima wawo wafunira. Nditayesa kuwakoka kuti agwirizane ndi ng'oma, mawu anasintha n'kumamveka ngati akuimbira m'ndowa. Ndinabweza msanga, ng'omazo n'kuchotsa. Polumikizira pankamvekanso ka "thi", ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Ndinapafewetsa kuti mawu azitha mwapang'onopang'ono, pamwamba pake n'kuikapo piyano yolemera kuti iphimbe zotsalazo.

Ndinamvetsera pa mahedifoni, amayi munalibe. Ndinamvetsera pa sipika, ndinawamva, kapena ndinkangoganiza kuti ndikuwamva. Makutu anali atatopa moti sindinkawakhulupiriranso.

Cha m'ma 4 koloko chitseko chinatseguka popanda odi. Anali amayi. Chimangireni kachipindako anali asanalowemo, amati mumanunkha nsapato za anyamata.

"Tiwale akuti pali nyimbo ya bambo ako," anatero akukhala pampando wa oimba. "Ndiimve panopa. Sindikufuna kukayambira kulira pamaso pa alamu anga."

"Sinathe, amayi. Mawa ikhala bwino."

"Ndimva yosathayo."

Ndinayang'ana pa sikirini. Zidutswa zisanu ndi zitatu zinali zitandandalikana, zofanana ndendende ngati njerwa za chikombole chimodzi. Ndinatsitsa voliyumu pang'ono, n'kudina.

Piyano inayamba, kenako bambo. Amayi anagwira chitenje chawo pamaondo. Mzere unatha, unayambanso. Ine maso anali pa iwo, ndikudikira polumikizira paliponse. Itabwereza kachinayi anakweza dzanja.

"Imitsa."

Ndinaimitsa.

"Bwanji akupumira pamalo amodzimodzi? Bambo ako akabwereza mzere, kachiwiri ankakweza, kachitatu ankaiwala mawu n'kumaimbira m'mphuno. Uyu akuimba ngati wina wamugwira pakhosi."

Ndinawafotokozera kuti mawuwo anali ochepa, ndiye ndinadula pabwino n'kupabwereza. Ndinayankhula zambiri, za piyano, za foni ya Tiwale kuti ndi yachikale. Anandisiya mpaka ndinatha ndekha.

"Pabwino," anatero. "Nanga poipa pali chiyani?"

"Phokoso chabe, amayi."

"Phokoso lanji? Kumapeto kwa mzerewo pali munthu akufuna kuyamba kuyankhula. Ndamumva kanayi. Ndi ndani?"

Panja munthu wa makala ankadutsa akuliza belu la njinga. Ndinaganiza zonama kuti zinazo ndafufuta, koma amayi anga amadziwa bodza langa lisanatuluke m'kamwa.

"Linali liti tsikulo?" anafunsa motsitsa.

"Lamulungu lija."

Anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale. "Bwezera zonse zimene wachotsa."

"Amayi, mankhwala anu mwamwa?"

"Mwayiwathu, ndakutuma."

Pulogalamu imeneyi ukadula sifufuta chilichonse, imangobisa. Ndinagwira m'mphepete mwa chidutswa choyamba n'kukokera kumanja, mano a sowo aja n'kubwerera onse. Pa mawu a amayi anali ataliatali kuposa pena paliponse. Ndinazimitsa piyano, n'kudina.

Bambo anaimba. Kenako mawu aja anadzaza kachipinda konse: "Tatsekani pakamwa panupo, anthu tipumeko! Mwatitopetsa!" Amayi anatsinzina. Dzanja langa linathamangira poimitsira monga mwa masiku onse, koma analigwira.

Bulashi inasiya kukwecha. Panali zii kwa masekondi awiri. Kenako kunamveka kanthu kotsika kwambiri, ndipo mawuwo anathera pomwepo.

"Pamenepo akuti chiyani? Kweza."

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukweza voliyumu mpaka pamapeto. Anali bambo akuseka chamumtima, kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno. Kenako anayankhula okhaokha: "Ehe, adzuka a Naphiri. Ndimaimbira zomwezo."

Amayi anatsegula maso n'kuyang'ana sipika nthawi yaitali.

"Anaseka?"

"Anaseka, amayi."

"Ine ndinali kuchipinda. Ndinangomva kuti akhala chete, ndiye ndinkati ndawapweteka mtima." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chija umachita chobwerezabwereza chija, tachita pamenepa. Uyambire pamene ndikukalipapo."

Ndinadula kuyambira pa "Inu" mpaka pa "zomwezo", n'kukoka kuti kazibwereza. Polumikizira sindinapafewetse, ndipo ka "thi" kankamveka bwinobwino. Amayi anakalipa, bambo anaseka. Anakalipanso, bambo anasekanso. Ine ndinatembenukira kukhoma chifukwa misozi inali itandipeza.

"Nanga Loweruka tikaike iti?" ndinafunsa patapita nthawi.

"Azakhali ako akamve ya piyanoyo," anatero osachotsa maso pa sipika. "Iyi undiikire mufoni mwanga. Usaimitse kaye."