Mlonda wa Pamakwerero

Maso a mlongo wake atatheratu, ntchito yoyamba imene mayi wina woluka tsitsi anagwira inali yochotsa zinthu pansi m'chipinda cha mlongo wakeyo: nsapato, mawaya, makatoni a mafoni akufa, chilichonse chimene munthu angapunthwe nacho. Mlongo wakeyo anali wamng'ono kwa iye, ndipo ntchito yake inali yokonza mafoni. Matenda a shuga anamudya maso pang'onopang'ono, lakumanzere kaye, kenako linalo, mpaka dokotala ananena mosapita m'mbali kuti palibenso chimene angachite.

Mlongo wakeyo anasiya kutuluka panja. Anzake ankabwera masiku oyambirira, n'kumamulankhula mokweza ngati wagontha, kenako anayamba kusowa mmodzimmodzi. M'chipindamo munatsala bedi, mpando wong'ambika, TV ndi makina a gemu atachita fumbi.

Tsiku lina masana atamubweretsera chakudya, mlongo wakeyo ananunkhiza m'mwamba.

"Asisi, m'manja mwanumo muli mafuta a tsitsi. Kasambeni, ndikufuna mundithandize kupha munthu."

"Iwe, wapenga?"

"Ndi mmodzi yekha. Sachedwa."

Kanali koyamba kumumva akuseka chichokereni kuchipatala, choncho anakasamba m'manja osafunsanso zambiri.

Gemuyo inali ya nkhani yakalekale, nthawi ya malinga a miyala ndi malupanga. Wosewera ankayendetsa munthu wovala zakuda, wolowa mu linga la adani mozemba, modutsa m'mithunzi. Chida chake chinali uta wopingasa, womangidwa pamtengo wogwirira ngati mfuti. Utawo sunkachita phokoso, koma ukaponya muvi umodzi, kukokanso chingwe chake inali ntchito. Munthu uja ankawerama, kuuponda ndi phazi, n'kukoka ndi manja onse awiri, adani akubwera. Diso lachiwiri linamuthawa mlongo wake atafika gawo lomaliza. Pamwamba pa nsanja panali mkaidi woyenera kupulumutsidwa, ndipo pamakwerero pankayenda mlonda atanyamula muuni. Ukamuphonya ankathamangira belu, belu likalira asilikali ankakhamukira, n'kuyambiranso.

"Ine ndikhala makutu, inu maso ndi manja," anatero. "Mapazi ake ndimawadziwa. Akaima amatsokomola. Ndikati tsopano, muponye."

Muvi woyamba unakabaya khoma. Wachiwiri unapita kumwamba ngati akusaka mbalame.

"Asisi, mumaluka tsitsi la anthu ndi manja omwewa? Osakudandaulirani?"

"Tsitsi silithawa, iwe!"

Kuyambira pamenepo, masana alionse makasitomala akachepa, ankatseka saluni n'kuwoloka msewu. Anaphunzira kuyenda monyang'ama, kubisala kuseri kwa migolo, kukokera mitembo pamdima kuti isaoneke. Alonda a pabwalo ankawadutsa bwinobwino. Koma wa pamakwerero uja anamukanika. Ankayenera kumulasa pakhosi, pakati pa chipewa chachitsulo ndi chovala chachitsulo, malo ochepa ngati chikhadabo. Akangomva mlongo wake akunong'oneza kuti tsopano, chala chinkamuuma. Belu likalira, mlongo wakeyo ankangogwetsa mutu, nthabwala zija n'kumachepa tsiku ndi tsiku.

Kenako anadzithira madzi otentha pamwendo pofuna kudziphikira tiyi. Mayi awo atamva anabwera, anaona chilondacho, n'kugamula nkhani ali chiimire.

"Mwana wanga sangafere m'kachipinda kano. Akakhala ndi ine."

"Amayi, ine ndimabwera tsiku lililonse."

"Umabwera kudzasewera zidole. Madziwa anamuwotcha uli kuti?"

Galimoto yonyamula katundu inapezeka, ndipo anagwirizana kuti idzabwera m'mawa mwake.

Masana omalizawo zovala zinali kale m'matumba, makatani atachotsedwa, dzuwa likuwala pagalasi la TV mpaka ankachita kupendeka kuti aone. Mlongo wake anakhala pabedi lopanda zofunda, mwendo wabandeji atautambasula.

"Lero tikwera, asisi. Ndikumva m'thupi."

Anayesa, belu linalira. Anayesanso, linaliranso. Ulendo wina anafika bwinobwino kuseri kwa chipilala, muvi uli umodzi. Mlonda anatsika, anaima, anatsokomola.

"Tsopano."

Muvi unamenya chipewa n'kugwera pansi. Mlonda anatembenuka, n'kuyamba kuthamangira belu. Woluka tsitsi uja sanaganize n'komwe. Anatola rimoti n'kuthimitsa mawu.

M'chipinda munangoti zii.

"Mawu apita kuti?"

"Kawaya kaja kayambanso. Koma ndamulasa! Wagwa, pakhosi penipeni!"

Pa TV asilikali anali atamuzungulira munthu wovala zakuda uja, akumubaya ndi mikondo. Iye ankangodina mabatani kuti amveke, pakamwa pakuyenda pokha. Anati akukwera makwerero. Anati wafika pachitseko, wathyola loko, walowa.

Mlongo wake anamvetsera zonse, nkhope ataloza kukhoma.

"Mkaidiyo akuoneka bwanji?"

"Ndi bambo wachikulire. Wandevu zoyera, wowonda. Akulira, akuthokoza."

Panja wogulitsa masache anadutsa akuitanira malonda.

"Mkaidiyo ndi mtsikana, asisi. Ndi mwana wa munthu mukumuyendetsayo. Nkhani yonse chiyambire ndi yofuna iyeyo."

"Mwina sindinaone bwino, dzuwali..."

"Ndipo kawayako ndinakalumikiza ndekha maso ndikadali nawo. Sikavuta."

Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino. Anangofufuza pilo ndi dzanja, n'kugona chafufumimba atayang'ana kukhoma.

"Adokotala aja anandiuza zoona. Inu ndimati mwina..." Sanamalize. "Zimitsani. Makinawo mutenge, mupatse aliyense."

Galimoto inabwera m'mawa. Anamukweza kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi mayi awo. Woluka tsitsi uja anamugwira dzanja kudzera pawindo, ndipo dzanjalo silinakane, komanso silinagwire.

Makinawo sanapatse munthu. Anakawaika kusaluni, pansi pa shelefu ya mankhwala a tsitsi, n'kuwalumikiza ku TV ya makasitomala. Sanawakhudze kwa nthawi ndithu. Nkhani zochokera kwa mayi awo sizinali zabwino: mlongo wake sankadzuka pabedi, chakudya ankangochilawa, mankhwala ankamwa pokhapokha amuchonderere.

Tsiku lina kunagwa mvula yosalekeza, kasitomala osabwera ndi mmodzi yemwe. Anayatsa gemu ija pongofuna kutaya nthawi. Anadutsa pabwalo, anabisala kuseri kwa chipilala. Panalibe womunong'oneza. Mlonda anatsika, anatsokomola, iye n'kuponya. Mlondayo anagwada, muuni unagwa n'kuzima. Belu silinalire.

Anakwera makwerero. Pamwamba panalibe loko woti athyole, panali mpiringidzo chabe. M'katimo munali mtsikana wometedwa mpala, atakhala paudzu wouma, ndipo ataona bambo ake sanalire ayi, anangoimirira n'kufunsa chifukwa chimene anachedwera. Kenako panayamba nyimbo yapansipansi, mayina a opanga gemu akukwera pagalasi.

Anaimbira mlongo wake foni. Anayankha ndi mayi awo.

"Ali gone. Dikira ndimuikire kukhutu."

Anamva kupuma kwa mlongo wake.

"Ndamulasa! Ulendo uno ndi zoona, ndikulumbira. Mtsikanayo ndi wometa, wafunsa kuti munachedwa kuti. Tamvera nyimboyi, tamvera!"

Anayandikiza foni pa TV, koma mvula inali ikusokosera padenga lamalata moti ngakhale iye mwini nyimboyo ankaimvera patali.

"Wamva?"

"Ndikumva mvula," anatero mlongo wake. Mawu ake anali aulemu, ngati akulankhula ndi mlendo. "Musamavutike nane chonchi, asisi. Zikomo."

"Sindikunama ayi!"

Kunamveka phokoso la foni ikuchotsedwa pakhutu, kenako mawu a mayi awo.

"Watembenukira kukhoma. Wamuuza chiyaninso?"

"Palibe, amayi."

"Ukamabwera ubweretse mabandeji. Chilonda chija sichikupola."

Foni inaduka. Mayina aja anatha kukwera, ndipo gemu inafunsa ngati akufuna kuyambiranso. Chitseko chinatseguka, mayi wina analowa akukutumula ambulera, n'kufunsa ngati angamuluke msanga chifukwa ali ndi ulendo. Woluka tsitsi uja anazimitsa TV, anapukuta nkhope ndi thaulo la makasitomala, n'kumukokera mpando.